Kulengeza za ngozi sikutanthauza kuti mlimi aliyense alandira ndalama

Chilala kapena madzi osefukira akawononga mbewu, pa WhatsApp ndi Facebook pamafala mauthenga onena kuti boma lipereka ndalama zofanana kwa mlimi aliyense, bola atumize nambala ya chiphaso chake ndi kandalama kolembetsera. Limeneli ndi bodza, ndipo kawirikawiri amalifalitsa ndi akuba.

Boma likalengeza kuti dera lagweredwa ngozi, limakhala likutsegula njira yogwiritsira ntchito ndalama zapadera ndi kupempha thandizo kumabungwe ndi kumayiko ena. Kenako alangizi a zaulimi amayendera minda, nthawi zina mothandizidwa ndi zithunzi za setilaiti ndi kaundula wa mvula, kuti adziwe mabanja amene akhudzidwa kwambiri. N'chifukwa chake alimi awiri oyandikana angathe kulandira zosiyana, ngakhale kuti zimenezi zimawawa. Thandizolo silibweza zokolola zonse zotayika, ndipo nthawi zambiri limabwera ngati chakudya kapena mbewu zobzala.

Ena amalisokoneza ndi inshulansi ya mbewu, imene imalipira okhawo amene analowa mu inshulansiyo ngozi isanagwe. Kalembera wa thandizo la boma salipiritsa, ndipo wogwira ntchito m'boma alibe chifukwa chofunsira nambala yachinsinsi ya akaunti yanu.