Cairo wa ku Illinois, tauni imene madzi analephera kuimeza

Ukamalowa mu Cairo kuchokera kumpoto umadutsa kunsi kwa njanji, ndipo ukakweza maso umaona chitseko chachitsulo chili lende pamwamba pa msewu. Anachiika mu 1914 kuti madzi akasefukira azichitsitsa, tauni yonse n'kutsekeka ngati chilumba. Uyu si Cairo wa ku Egypt. Ndi katauni ka ku America, kunsonga yakummwera kwa boma la Illinois, ndipo eni ake amatchula dzinali ngati "Kero".

Malo ake ndi okopa ukawaona pamapu. Mtsinje wa Ohio umabwera chakum'mawa, Mississippi chakumadzulo, mtunda n'kumachepa pakati pawo mpaka kusongoka ngati mkondo. Kutsidya kwa Ohio ndi Kentucky, kutsidya kwa Mississippi ndi Missouri. Ukaima pansonga penipeni, pamalo otchedwa Fort Defiance, umaona madzi a mitundu iwiri akuyenda moyandikana asanasakanikirane. Chodabwitsa n'chakuti pokumanapo Ohio ndi amene amabwera ndi madzi ambiri, ngakhale dzina limapitirira ndi Mississippi. Koma pamapu sipaoneka kuti pano ndi pamalo otsika kuposa pena paliponse mu Illinois.

Anthu amalonda anakopeka ndi mapuwo. Mu 1818 anapeza chilolezo chomanga mzinda ndi banki, koma zinathera papepala. Mu 1837 Darius Holbrook anayambitsa kampani ya Cairo City and Canal, n'kukatapa ndalama ku London. Anamanga makoma adothi otchinga madzi, anthu n'kuyamba kubwera, koma mu 1840 banki ya ku London imene ankadalira inagwa, ndipo ambiri anasamuka. Wolemba mabuku wa ku England Charles Dickens atadutsa pano mu 1842 anapeza chithaphwi cha matope ndi malungo, ndipo anakanyoza malowa kwawo mosabisa mawu.

Zinthu zinasintha njanji ya Illinois Central itafika m'zaka za m'ma 1850. Katundu wochokera ku Chicago ankatsikira pano n'kukwera sitima zapamadzi zopita ku New Orleans. Nkhondo yapachiweniweni itabuka mu 1861, mkulu wa asilikali a kumpoto Ulysses S. Grant anaika likulu lake mu Cairo, chifukwa wogwira nsonga imeneyi ankagwira pakhosi pa mitsinje iwiri. Akapolo othawa kummwera anafika miyandamiyanda, boma n'kuwamangira msasa, ndipo ambiri sanachokenso. Pofika 1900, anthu akuda anali oposa gawo limodzi mwa magawo atatu a tauniyi, chinthu chosowa m'matauni akumpoto nthawi imeneyo. Nyumba zanjerwa zimene zatsala lero, monga Custom House ya 1872 ndi Magnolia Manor, ndi za nyengo ya ndalamayo. Kalembera wa 1920 anapeza anthu 15,203, ndipo chiwerengerochi sichinapitirirepo.

Chuma cha Cairo chinali m'kuima kwa apaulendo. Mabogi a sitima ankawoloka mtsinje pa pantoni, ndipo kudikira kumeneko kunkadyetsa onyamula katundu, eni mahotela ndi ogulitsa mowa. Milatho inadula zonsezi pang'onopang'ono. Wa njanji unamangidwa pa Ohio mu 1889, wina pa Mississippi ku Thebes, kumpoto kwa Cairo, mu 1905, kenako ya magalimoto mu 1929 ndi 1937. Mu 1978 mlatho wa msewu waukulu wa Interstate 57 unalambalala tauni yonse. Amene kale ankagona mu Cairo anayamba kungoona madenga ake pawindo la galimoto.

Ambiri amakonda kuimitsira nkhani pa milatho, mwina chifukwa mlatho sudzudzula munthu. Koma matauni ena a m'mbali mwa mitsinjeyi analandidwanso malonda chimodzimodzi, osafika pamene Cairo anafika. Pano panali bala lina. Pa 11 Novembala 1909 chigulu cha anthu chinalanda William James, munthu wakuda woganiziridwa kuti anapha mtsikana wachizungu, m'manja mwa apolisi, n'kumupha pakati pa tauni anthu masauzande akuonerera, mlandu usanazengedwe. Patapita zaka zoposa 50, akuluakulu atauzidwa kuti dziwe losambiramo likhale la onse, anasankha kulitseka. Mu Julayi 1967 msilikali wakuda wa zaka 19, Robert Hunt, anapezeka atafa m'chitokosi cha polisi. Apolisi anati anadzimangirira, anthu akuda anakana, ndipo tauni inayaka. Azungu anapanga gulu lokhala ndi mfuti lotchedwa White Hats. Anthu akuda anapanga United Front mu 1969, motsogozedwa ndi m'busa Charles Koen, ndipo ananyanyala kugula m'masitolo okana kuwalemba ntchito. Kunyanyalako kunatenga zaka. Eni masitolo ambiri anakonda kukhoma zitseko n'kuchoka kusiyana ndi kugonja. Anthu amene anali 9,348 mu 1960 anatsala 6,277 mu 1970.

Madzi okha, amene aliyense ankati ndiwo adzathetse Cairo, sanaithetse. Mu 1937 Ohio anakwera koopsa, makoma anagwira. Mu 2011 anafika mamita pafupifupi 19 pachoyezera cha pa Cairo, kuposa kale lonse, ndipo anthu anauzidwa kuti asamuke. Kutsidya, ku Birds Point, kuli khoma limene analikonza dala kuti likhoza kuphulitsidwa, madzi n'kumwazikira m'minda ya Missouri m'malo momiza tauni. Boma la Missouri linathamangira kukhoti kukaletsa, mpaka ku khoti lalikulu la dziko, koma linalephera. Mtsogoleri wina wa nyumba ya malamulo ya boma limenelo anafika ponena poyera kuti bola amire Cairo, kenako anapepesa. Usiku wa pa 2 Meyi asilikali a zomangamanga anaphulitsa khomalo, maekala pafupifupi 130,000 a minda anamira, ndipo madzi pa Cairo anayamba kutsika.

Anthu anabwerera n'kupeza nyumba zawo zili chilili, koma tauni inapitirizabe kuphwa. Chipatala chinali chitatsekedwa kale m'zaka za m'ma 1980. Sitolo yomaliza ya zakudya inatseka mu 2015, ndipo panatenga mpaka 2023 kuti anthu asonkherane n'kutsegula yawo. Mu 2017 boma linalengeza kuti nyumba zake za Elmwood ndi McBride zawonongeka mosakonzeka, mabanja okhalamo n'kupatsidwa zikalata zokapezera nyumba kwina, pamene mu Cairo munalibe zokwanira. Kalembera wa 2020 anawerenga anthu 1,733, ambiri mwa iwo akuda. Mumsewu wa Commercial Avenue, momwe munali masitolo aja, udzu wamera pamaziko, ndipo kuseri kwa khoma mabwato akuluakulu a chimanga ndi malasha amangodutsa.