Kuyera kwa ndalama si umboni wa siliva

Ndatopa kumva anthu akunena kuti ndalama yachitsulo ikakhala yakale, yoyera, ndiponso ikamalira bwino ikagwa pansi, ndiye kuti ndi siliva weniweni. Ayi ndithu. Maboma ambiri ankachepetsa siliva koma chithunzi n'kuchisiya chomwecho.

Yambani mwawerenga chaka. Ku Britain, ndalama za siliva zisanafike 1920 zinali ndi siliva magawo 92.5 pa 100 alionse. Kuchokera 1920 mpaka 1946 anangotsala theka, ndipo kuyambira 1947 mulibemo siliva ngakhale pang'ono, ndi mkuwa wosakaniza ndi nickel. Ndalama yotchedwa florin ya 1946 ndi ya 1947 zonse zili ndi nkhope ya Mfumu George VI, kulemera kwake n'chimodzimodzi, ndiye sikelo singakuuzeni kanthu. Ku America sikelo imathandizako: half dollar (ndalama ya theka la dola) yokhala ndi nkhope ya Pulezidenti Kennedy ya 1964 ili ndi siliva magawo 90 ndipo imalemera magalamu 12.5, pomwe za 1965 mpaka 1970 zili ndi magawo 40 okha ndipo zimalemera 11.5.

Imene imandivutitsabe maganizo ndi 10 cent ya ku Canada ya 1967, ija yokhala ndi nsomba. M'chaka chimodzi chomwecho anasula zina za magawo 80, zina za magawo 50. Chithunzi n'chimodzi, chaka n'chimodzi, kulemera konse magalamu 2.33. Maginito sagwira ina iliyonse mwa ziwirizi, amangothandiza pa za 1968 pomwe zina zinali za nickel yekhayekha. Ena amayesa kuyezera m'madzi kuti aone kuthithikana kwa chitsulocho, koma kandalama kakang'ono chonchi kusiyana kwake n'kochepa kwambiri, dzanja likangonjenjemera zonse zasokonekera. Chodalirika ndi makina a XRF basi, aja ounika ndi X-ray n'kuonetsa zitsulo zimene zili m'ndalamayo. Tsono zimandipweteka kuona ogula ena akulipira zonse pa mtengo wa za magawo 50, wogulitsa osadziwa kuti waluza.

Ndipo chonde, musalole munthu wodzitcha katswiri kupala ndalama yanu ndi tupa n'kudonthezapo asidi. Chilonda chimenecho sichichoka, ndipo ndalama yomwe osunga zakale akanaigula mokwera imasanduka yongogulidwa pa sikelo. Musaitsukenso ndi mankhwala owalitsira. Wina akamakufulumizitsani kuti mugulitse lero lomwe musanayezetse, bwezani ndalamayo m'thumba, mukafunse kwa wina amene ali ndi makina.