Pakamwa potseka, nyimbo ili mkati: kujambula mbalame ndi oimba jazi

Kamera siigwira mawu. Aliyense amadziwa zimenezi, komabe zithunzi zambiri za oimba zimene achinyamata amandionetsa kuno ku Kasungu zimajambulidwa ngati kuti mawuwo adzabwera pambuyo. Munthu ali chilili, maiki yamuphimba mphuno, kukamwa kuli yasaa, woona osadziwa ngati akuimba, akuyasamula kapena akukalipira wa ng'oma. Za mbalame ndiye zosakamba: kadontho kakuda pakati pa masamba, mwini chithunzi n'kumalumbira kuti kamaimba mokoma. Ntchito ya wojambula apa ndi kupeza pathupi pamene nyimbo ikuonekera ndi maso, ndipo kawirikawiri si pakamwa.

Tiyambe ndi njiwa, poti ili pakhomo pa aliyense. Njiwa ikamalira, mlomo wake umakhala wotseka. Chimene chimagwira ntchito ndi khosi: limafufuma, nthenga za pachifuwa zimanyamuka, mutu n'kuwerama pang'ono. Mukati mudikire kuti iyasame, dzuwa likulowerani. Nkhwazi ndi ina. Mukaipeza pa damu la Lifupa, m'nkhalango yosungirako nyama ya Kasungu, imaponya mutu chagada mlomo kuloza kumwamba, ndipo imatero ngakhale ili mkati mouluka. Pumbwa amayasama ndithu, koma mwa kanthawi kochepa, tinthenga ta pamutu titaima. Wosadziwa mmene mbalame iliyonse imaimbira amangodinadina batani mwamwayi.

Kusiyanaku kuli ndi chifukwa chake. Mbalame siitulutsa mawu pakholingo monga ife. Chiwalo chake choimbira chili m'munsi, m'chifuwa, pamene njira ya mpweya imagawikana kupita ku mapapo awiri, ndipo mitundu ina imatha kutulutsa mawu awiri osiyana pa nthawi imodzi, ena mbali iyi ena mbali inayo. N'chifukwa chake kambalame kakamaimba thupi lonse limagwira ntchito, mpaka mchira umagwedezeka. Yang'anani pakhosi ndi pachifuwa, mlomo umangotsatira.

Oimba jazi mofatsa, aja amatchedwa ma crooner, ndi anthu a mtundu wa njiwa. Kaimbidwe kawo kanabadwa ndi maiki. Kale woimba ankayenera kukuwa kuti amveke kumbuyo kwa holo, ndipo pojambula mbale ankafuulira m'chilipenga chachikulu. Mu 1925 makampani a mbale ku America anayamba kujambula mawu ndi magetsi, wailesi nayo ili mkati mofalikira, ndipo zinatheka kuimba chonong'ona, milomo ili pafupi ndi maiki, omvera n'kumamva ngati akuwaimbira kukhutu. Bing Crosby anatchuka ndi kaimbidweka m'zaka za m'ma 1930, kenako Frank Sinatra ndi Nat King Cole anakapititsa patali m'ma 1940 ndi m'ma 1950. Lero mumakamva pa madyerero a ukwati, perekaniperekani atatha anthu akudya, kapena madzulo pa loji: bambo wa suti, kiyibodi pambali, mwina ndi wa saksofoni mmodzi.

Woimba wotere sadumpha, savina, sayasama kwambiri. Wojambula amene anazolowera kwaya kapena bandi ya achinyamata amaona ngati palibe chikuchitika, n'kuyamba kujambula makeke. Chonsecho nyimbo ili pomwepo: m'zikope zimene zikutsika, m'nsidze, m'zala zimene zagwira maiki, m'phewa limodzi lopendekeka, m'mtsempha wa pakhosi pamwamba pa kolala. Nthawi yodina ndi pamene akukoka liwu lalitali kumapeto kwa mzere, pa "aa" kapena "oo". Nkhope imaima malo amodzi mwina masekondi awiri atatu, ndipo imaoneka ya munthu woimba. Mukadina pakati pa mawu, pa "p" kapena "f", milomo imatuluka yopindika moti mwini wake sangafune kuchiona chithunzicho. Nthawi ina yabwino, imene ine ndimaikonda kuposa yoyambayo, ndi pamene wamaliza mzere, wachotsa maiki pakamwa, akumvetsera mnzake wa saksofoni. Nkhope yonse imaoneka popanda chotchinga.

Zonsezi zimafuna kuti muidziwe nyimboyo isanafike pamene mukufuna. Chala cha munthu chimachedwa. Mukaona kaye n'kudina, mwaphonya kale. Mvetserani ndime yoyamba kamera ili pansi. Nyimbo zambiri za mtunduwu zimabwereza kolasi, ndipo woimba amabwereza ndi thupi lomwe: pamene anatseka maso koyamba adzatsekanso. Mbalame ndi chimodzimodzi, mwinanso kuposa. Yaimuna imakhala ndi nthambi zake zingapo zimene imaimbirapo tsiku ndi tsiku polengeza malire ake ndi pokopa yaikazi. Mukaipeza lero pansonga ya mtengo wouma, mawa m'bandakucha mukakhale kale pafupi ndi mtengowo, dzuwa lili kumbuyo kwanu kapena cham'mbali. Osaithamangitsa. Ibwera yokha.

Nyengo yake kuno ndi kuyambira Seputembala mpaka mvula yoyamba. Mbalame zambiri za m'miombo zimaswa nthawi imeneyi, ndiye zimaimba mwakhama. Mitengo ya mombo ndi tsamba imakhala itaphukira masamba ofiirira, nkhalango isanathithikane, choncho mbalame imaoneka ndipo kumbuyo kwake kumakhala mtundu wokongola wosafuna kuwonjezera pa kompyuta. Utsi wa lupsa ndi fumbi, zimene zimatitsokomoletsa masana, m'mawa zimafewetsa dzuwa. Mu Okutobala dzuwa limatuluka cha m'ma 5:30, koma kuimba kumayamba kusanache. Pofika 8 koloko kuwala kwauma, mbalame zayamba kusaka chakudya, inunso kamweni tiyi.

Za manambala sindichulukitsa. Pa mbalame yaing'ono shata, kachitseko kamene kamatseguka kwa kanthawi kuti kuwala kulowe mu kamera, isachedwe kuposa 1/1000 ya sekondi ngati kuwala kukulola, chifukwa mlomo ndi khosi zimayenda msanga kuposa mmene diso limaonera. Lenzi ya 400mm ndi poyambira chabe. Pa woimba, lenzi ya 85mm kapena ya 70-200mm, chibowo chake cholowetsa kuwala chitatsegulidwa pa f/2.8 kapena kuposa, shata ili cha pa 1/200. ISO, nambala imene mumaikweza kuti chithunzi chiwale mumdima, musaiope. Chithunzi cha timadontho pa ISO 6400 chimagulika, chogwedezeka sichigulika.

Vuto lalikulu la m'maholo mwathu ndi magetsi okongoletsa aja a LED, ofiira, obiriwira ndi apepo. Pamaso amaoneka bwino, koma pakhungu la munthu wakuda amapha maonekedwe: nkhope imasanduka chigamba chimodzi chopanda mphuno kapena masaya. Dikirani kuwala koyera kapena kwachikasu kubwere pa nthawi yake, ndipo jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yaona, kuti mukathe kukonza. Zikakanika, chithunzi chopanda mitundu chimapulumutsa zambiri. Palinso china chimene chimadabwitsa ogula makamera atsopano. Amaika shata yosamveka kuti asasokoneze nyimbo, zomwe ndi ulemu, koma chithunzi chimatuluka ndi mizeremizere yakuda. Kamera siinawonongeke. Magetsi athu amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, mababu ambiri amaphethira motsatira, ndipo shata yosamvekayo imawerenga chithunzi mzere ndi mzere kuchokera pamwamba, ndiye imagwira kuphethirako. Yesani 1/100, imene woimba wofatsa amailola poti sagwedezeka kwambiri, kapena bwererani ku shata yolira n'kumadina pamene ng'oma yakweza. Pa jenereta yesani kaye musanakhulupirire nambala iliyonse.

Kamera imanamizikanso ndi mdima wa kumbuyo kwa siteji. Imaona kuti kwada, imawonjezera kuwala, malaya oyera a woimba n'kupserera osaonekanso mabatani. Pimani kuwala patsaya pake, kenako mutseke manambalawo kuti asasinthe. Kutchire bodza lake ndi lotembenuza: pumbwa ali pansonga, kumbuyo kuli thambo lowala, kamera imachepetsa kuwala mbalame n'kuda bii. Wonjezerani kuwala ndi sitepe imodzi kapena ziwiri pa kamera, koma chabwino koposa n'kusuntha mapazi mpaka kumbuyo kwa mbalameyo kukhale masamba kapena chulu.

Amene akufuna kuona mmene kuwala kumaimbitsira chithunzi afufuze ntchito za Herman Leonard, amene ankajambula oimba jazi m'makalabu a ku New York kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ndipo anamwalira mu 2010. Iye ankaika nyali kumbuyo ndi cham'mbali kwa woimba, kuwala n'kumalemba mzere m'mphepete mwa nkhope, chipewa ndi utsi wa ndudu umene unkadzaza m'makalabumo. Fodya ife a ku Kasungu timalima, koma sindikunena kuti mufukize holo ya eni. Phunziro ndi la poima: m'malo moima kumene nyali ikuchokera, zungulirani mpaka nyaliyo ikhale kuseri kwa woimbayo pang'ono.

Poima pamathetsanso nkhani ya maiki. Mukaima kutsogolo kwenikweni, maiki imabisa pakamwa, ndipo kamera imakonda kulunjika pa maikiyo maso a munthu n'kuchita chimbuuzi. Onani dzanja limene amagwirira. Ngati ndi lamanja, imani cha kumanzere kwake, kumene nkhope ili poyera. Kanthambi kodutsa kutsogolo kwa mbalame kamaba chithunzi mwa njira yomweyo. Sankhani kadontho kamodzi kolunjikira, mukaike padiso. Diso likakhala lakuthwa, zina zonse woona amakhululuka.

Fulashi isiyeni m'chikwama. Pa woimba imachotsa mdima umene ndiwo ukukometsa chithunzi, ndipo imamuthobwa m'maso ali pakati pa liwu. Musanayambe, pitani mukalonjere: "Achimwene, ndingajambuleko nyimbo ziwiri zoyambirira? Ndiima cha uko, sindikutchingani." Ambiri amavomera, ena amakuuzani okha nyimbo imene ili ndi liwu lalitali lija. Mukatero mukhale pansi, chifukwa anthu sanabwere kudzaonera msana wanu.

Kwa mbalame chimene ndimadana nacho ndi chizolowezi choliza nyimbo yake pa foni kuti iyandikire. Zimatheka, inde, imabweradi. Koma imabwera chifukwa yamva ngati mdani walowa m'dera lake, ndipo imasiya chisa kapena kudyetsa ana kudzamenyana ndi mbalame yoti kulibe. M'miyezi yoswera imeneyi ndi nkhanza, ndipo chithunzi chake chimaonetsa mbalame yolusa, osati yoimba. Chisa nachonso musachiyandikire kapena kuthyola masamba ochibisa. Mukalowa m'nkhalango ya Kasungu, musatsike galimoto n'kuyamba kutsatira mawu m'tchire popanda a gemu. Mu 2022 anabweretsamo njovu 263 kuchokera ku Liwonde, ndipo munthu amene diso lili mu kamera, khutu lili kwa kambalame, saona chimene chaima kuseri kwa chitsamba.

Nanga a foni okhaokha? Pa woimba foni imayesetsa, bola muyandikire ndi mapazi osati kukoka chithunzi ndi zala, ndipo mukadina pankhope mutsitse kuwala pang'ono. Pa mbalame imalephera, pokhapokha mutagwirizitsa diso lake pa galasi la zoonera patali, zomwe zimafuna dzanja lokhazikika kapena pogoneka. Njira yosavuta ndi kuibweretsa mbalameyo pafupi popanda kuinamiza. Mu Okutobala madzi amasowa. Ikani mbale yosazama ya madzi pansi pa mtengo wa mango, muzike kanthambi kouma pambali pake, inu mukhale m'nyumba pawindo lotsegula. Apumbwa amayamba atera pa kanthambiko asanatsikire kumadzi, ndipo nthawi zambiri amaitanira anzawo ali pomwepo. Madziwo muzisintha tsiku lililonse kuopa udzudzu, ndipo mbaleyo ikhale patali ndi pobisalira mphaka.