Si Mparsi aliyense amene ali ndi chuma cha a Tata

Ku Mumbai, m'dziko la India, nthabwala za Aparsi, anthu a chipembedzo cha Zoroaster omwe makolo awo anachokera ku Persia (Iran), sizitha. Amati m'midadada ya nyumba zawo, yomwe amaitcha baug, mumakhala nkhalamba zolemera zokhazokha, zongopukuta galimoto zakale m'mawa uliwonse ndi kuswera dzira pa ndiwo iliyonse. Za dzirazo n'zoona ndithu, amalikonda. Koma za chumazo n'zabodza, ndipo zimandiwawa chifukwa zimabisa anthu ovutika.

Maganizowa amabwera chifukwa cha mabanja otchuka a Aparsi a mabizinesi akuluakulu ngati Tata ndi Godrej. Komatu midadada yambiri inamangidwa ngati thandizo kwa Aparsi osowa pokhala. Mayi Jerbai Wadia anamanga Nowroz Baug kuti mabanja opeza zochepa azilipira lendi yotsika, ndipo ana awo anapitiriza ndi Cusrow Baug ku Colaba, dera lina la Mumbai, mu 1934. Mpaka lero bungwe la Bombay Parsi Punchayet limagawa nyumba zina kwa ofunsira.

Nkhalamba zimachulukadi, koma chifukwa chake n'chomvetsa chisoni. Ana akubadwa ochepa, ena anasamukira kunja. Kalembera wa 2011 anapeza Aparsi 57,264 okha m'India monse, ndipo agogo ambiri m'nyumbazi amakhala okhaokha.