Lipiko, chigoba chosemedwa kuti chivine

Munthu akanyamula lipiko koyamba amadabwa ndi kupepuka kwake. Tinazolowera ziboliboli zolemera za mtengo wa phingo zomwe Amakonde, mtundu wa anthu a ku Mozambique ndi ku Tanzania, amagulitsa kwa alendo, koma chigoba ichi amachisema ndi mtengo wofewa, n'kuchigoba m'kati mpaka chitapyapyala, poti mwini wake adzadumpha nacho pabwalo.

Kwawo kwa mapiko (n'kuchulukitsa kwa lipiko) ndi kumapiri a Mueda, m'chigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique. Amakonde a kutsidya kwa mtsinje wa Ruvuma, ku Tanzania, amasemanso zigoba zophimba nkhope yokha, ndi zina za thupi la mayi woyembekezera.

Lipiko salivala kumaso. Limakhala pamutu ngati chisoti, chopendekera kumbuyo, ndipo wovinayo amaonera pakamwa pake. Nsalu imaphimba khosi, thupi lonse limakutidwa. Mukachiyang'anitsitsa muona tsitsi lenileni la munthu lomatidwa pamutu, mano osongoledwa, mphini zoumbidwa ndi phula pamasaya, ndipo pa nkhope ya mkazi kamtengo kobooleredwa mumlomo wapamwamba, kotchedwa ndona. Mphinizo ndi zomwe agogo awo ankatema pankhope. Achinyamata anasiya kutema, zigoba ndizo zikuzisunga.

Nthawi yake yeniyeni ndi ya chinamwali, likumbi la anyamata ndi ing'oma ya atsikana, makamaka potuluka anamwali. Wovinayo amaimira mzimu wochokera kwa akufa, ndipo dzina lake silitchulidwa. Ife a kwa Gule Wamkulu sitifunika kulongosoleredwa chifukwa chake. Chimene chimandikoka mtima n'chakuti amisiri sanaime pa nkhope za makolo: anasema Mpwitikizi, Mwarabu, wamalonda wachimwenye, msilikali. Aliyense amene anapondapo dziko lawo anakathera pabwalo, akuvinidwa pamaso pa mudzi wonse.

Mu 2023 bungwe la UNESCO linaika mapiko pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kutetezedwa mwamsanga. Zimandipweteka kuti nkhondo yomwe inayamba ku Cabo Delgado mu 2017 yabalalitsa midzi yambiri. Chigoba mungachisunge m'galasi zaka zambirimbiri osawonongeka, koma oimba ng'oma akathawira kwina, anamwali kwina, palibe wochiveka munthu n'kumutulutsa kutchire.