Akurdi ndi boma la Turkey: mbiri ya mkangano wa zaka 100

Pa 15 Febuluwale 1999, galimoto inanyamuka pa nyumba ya kazembe wa dziko la Greece mumzinda wa Nairobi kulowera ku bwalo la ndege. M'katimo munali Abdullah Öcalan, mtsogoleri wa gulu la Akurdi lomenya nkhondo yachizembera la PKK, yemwe anali atabisala m'nyumbamo pafupifupi masabata awiri. Ulendowo unathera m'ndege ya akazitape a dziko la Turkey. Posakhalitsa anthu anamuona pa kanema atamangidwa manja ndi m'maso, akupita naye ku chilumba cha İmralı pa nyanja ya Marmara, kumene akadali m'ndende mpaka pano. Ku Ankara, likulu la Turkey, ndi ku Istanbul anthu anasangalala m'misewu poganiza kuti nkhani ya Akurdi yatha. Koma nkhaniyi sinayambe ndi Öcalan, ndipo inali itakula kale iye asanabadwe.

Akurdi ndi mtundu wa anthu oposa 30 miliyoni, okhala m'dera lamapiri kumene mayiko a Turkey, Iraq, Iran ndi Syria amachita malire. Ambiri ali ku Turkey, kumene pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 5 kapena 6 aliwonse ndi Mkurdi. Chiyankhulo chawo nchapachibale ndi cha ku Iran, ndipo sichifanana ndi Chituruki ngakhale pang'ono. M'nthawi ya ufumu wa Ottoman, womwe unkalamulira derali dziko la Turkey la lero lisanakhazikitsidwe, izi sizinali vuto lalikulu, chifukwa ufumuwo unkawerengera anthu potengera chipembedzo. Aturuki ndi Akurdi ambiri ndi Asilamu, choncho onse anali anthu a mfumu imodzi, ndipo mafumu a Akurdi ankalamulira madera awo kwa zaka zambiri bola azipereka msonkho ndi asilikali.

Zinthu zinatembenuka ufumuwo utagonja pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mu Ogasiti 1920 mayiko opambana anaukakamiza kusayina pangano la Sèvres, lomwe linalonjeza Akurdi ufulu wodzilamulira, ngakhalenso mwayi wodzakhala ndi dziko lawolawo. Panganolo linafera papepala. Mustafa Kemal, mkulu wa asilikali a Aturuki yemwe pambuyo pake anatchedwa Atatürk n'kutsogolera boma latsopano la Turkey, analikana, nasonkhanitsa asilikali n'kupitikitsa magulu ankhondo a Greece. Mafumu ambiri a Akurdi anamenya nawo nkhondoyo kumbali yake, chifukwa anauzidwa kuti ndi nkhondo ya Asilamu onse ndipo dziko likubwerali lidzakhala la Aturuki ndi Akurdi limodzi. Pamene pangano latsopano linkasayinidwa ku Lausanne pa 24 Julayi 1923, dzina la Akurdi silinalembedwemo paliponse. Chitetezo cha mitundu yochepa chinaperekedwa kwa omwe sanali Asilamu okha. Mu Malichi 1924 boma latsopano linathetsa udindo wa khalifa, mtsogoleri wa Asilamu, chomwe chinali chingwe chomangirira mitundu iwiriyi pamodzi, n'kutsekanso masukulu achipembedzo momwe ana ambiri a Akurdi ankaphunziriramo.

Apa mpamene ine ndimaona muzu wa mkangano wonsewu. Boma linafuna kumanga mtundu umodzi wa chiyankhulo chimodzi, ndipo njira yomwe linasankha inali kunena kuti Akurdi kulibe. Kwa zaka zambiri m'makalata a boma ankawatcha Aturuki akumapiri, ndipo midzi masauzande inasinthidwa mayina.

Kugalukira sikunachedwe. Mu 1925 Sheikh Said anatsogolera gulu lake mpaka kukazinga Diyarbakır, mzinda waukulu wa m'dera la Akurdi, koma anagonja n'kunyongedwa mumzinda womwewo mu Juni chaka chomwecho. Kunatsatira nkhondo ya kuphiri la Ararat yomwe inatha mu 1930. Koma bala lomwe silinapole ndi la ku Dersim. Dera limeneli ndi lamapiri ovuta kufikako, ndipo anthu ake ndi achipembedzo cha Alevi, omwe ngakhale ufumu wa Ottoman sunkatha kuwalamulira bwinobwino. Mu 1935 boma linakhazikitsa lamulo lapadera la deralo n'kulisintha dzina kukhala Tunceli. Mu 1937 ndi 1938 asilikali analowako ndi ndege zoponya mabomba, ndipo mmodzi mwa oyendetsa ndegezo anali Sabiha Gökçen, mwana yemwe Atatürk anamulera ngati wake, amenenso dzina lake lili pa bwalo lina la ndege ku Istanbul lero. Mtsogoleri wa anthuwo, Seyid Rıza, nkhalamba ndithu, ananyongedwa ku Elazığ mu Novembala 1937 limodzi ndi mwana wake wamwamuna. Anthu anaphedwera m'mapanga ndi m'mphepete mwa mitsinje, otsala anasamutsidwira kumadzulo kwa dzikolo. Panadutsa zaka zoposa 70 kuti mtsogoleri wa boma avomere poyera. Mu Novembala 2011 Recep Tayyip Erdoğan, ali nduna yaikulu, anapepesa natchula chiwerengero cha m'makalata a boma, choti anthu 13,806 anaphedwa. Akurdi amati anali ochuluka kuposa pamenepo.

Pambuyo pa Dersim kunakhala bata la mantha kwa zaka pafupifupi 40. PKK inabadwa mu Novembala 1978 m'mudzi wa Fis, kufupi ndi Lice, ndipo poyamba kanali kagulu ka ophunzira okonda mfundo zachikomyunizimu za Karl Marx, kopanda anthu ambiri pambuyo pake. Chomwe chinakapatsa anthu ndi boma lenilenilo. Asilikali atalanda boma pa 12 Seputembala 1980 motsogozedwa ndi Kenan Evren, anadzaza ndende nambala 5 ya ku Diyarbakır ndi Akurdi. Akaidi ankamenyedwa tsiku ndi tsiku, ankakakamizidwa kuloweza nyimbo zotamanda mtundu wa Aturuki, ndipo pakhoma la chipinda chochezera ndi achibale panalembedwa mawu owalamula kuyankhula Chituruki. Tangoganizani mayi wochokera kumudzi, wayenda tsiku lonse, sadziwa liwu ndi limodzi lomwe la Chituruki. Waima kuseri kwa waya, mwana wake ali mbali inayo nkhope yotupa, msilikali ali pambali ndi ndodo. Akangoti atsegule pakamwa m'chiyankhulo chomwe anamulerera mwanayo, kucheza kwathera pomwepo ndipo mwanayo akalawa ndodo usiku umenewo. Amayi ambiri ankangoyang'ana ana awo mpaka nthawi kutha. Mu Malichi 1982 mkaidi Mazlum Doğan anadzipha m'ndendemo pa tsiku la Newroz, chikondwerero cha chaka chatsopano cha Akurdi, ndipo ena anayi anadziyatsa moto patadutsa miyezi iwiri. Mu 1983 lamulo nambala 2932 linaletsa kufalitsa chilichonse m'Chikurdi. Ambiri mwa omwe anatuluka amoyo m'ndende imeneyi sanabwerere kwawo, analunjika kumapiri.

Pa 15 Ogasiti 1984 PKK inathira nkhondo malo a asilikali ku Eruh ndi ku Şemdinli, ndipo nkhondo yomwe inayamba tsikulo yapha anthu oposa 40,000. Pano pasakhale kubisa: manja a PKK si oyera. Inapha aphunzitsi omwe boma linawatumiza kumidzi, inapha mabanja a alonda a m'midzi omwe boma linawapatsa mfuti kuyambira 1985, inaphulitsa mabomba m'mizinda, inaphanso anthu ake omwe ankatsutsa Öcalan. Mayiko a Turkey, America ndi bungwe la European Union anaiika pa mndandanda wa magulu a zigawenga. Nalo boma linasamutsa ndi kutentha midzi yoposa 3,000 m'zaka za m'ma 1990, ndipo anthu ambiri anatengedwa ndi galimoto zosadziwika osaonekanso. Munthu wa kumudzi analibe kolowera: akakana mfuti ya boma mudzi wake unkatenthedwa, akailandira PKK inkabwera usiku.

Analipo omwe anayesa njira ya nyumba ya malamulo. Mu 1991 Leyla Zana, atasankhidwa kukhala phungu, anamaliza lumbiro lake ndi chiganizo chimodzi cha Chikurdi, chonena kuti akulumbira pofuna ubale wa Aturuki ndi Akurdi. Mu 1994 anamangidwa, nakhala m'ndende zaka 10. Mtsogoleri wa dziko Turgut Özal, yemwe anachotsa lamulo loletsa Chikurdi mu 1991 ndipo ankaoneka wofuna kukambirana, anamwalira mwadzidzidzi mu Epulo 1993, PKK itangolengeza kumene kuti yaimitsa nkhondo. Mwezi wotsatira asilikali 33 opanda zida anaphedwa pa msewu wa ku Bingöl, mwayi n'kutayika.

Mayiko oyandikana nawo sanangokhala oonerera. Kuyambira 1979 Öcalan ankakhala ku Syria, ndipo asilikali ake ankaphunzirira m'chigwa cha Bekaa ku Lebanon, chomwe chinali m'manja mwa Syria. Mtsogoleri wa Syria Hafez al-Assad sankachita izi pokonda Akurdi, pakuti m'dziko lakelo munali Akurdi oposa 100,000 omwe anawalanda unzika pa kalembera wa 1962. Nkhani inali madzi. Mtsinje wa Euphrates umachokera ku Turkey, ndipo dzikolo linkamanga madamu akuluakulu kumtunda. Mu 1987 mayiko awiriwa anagwirizana kuti Turkey izilola madzi okwana ma kiyubiki mita 500 pa sekondi kudutsa malire, koma mu Januwale 1990 inatseka mtsinjewo kwa mwezi wathunthu kuti idzaze damu la Atatürk. Panalinso dera la Hatay lomwe Turkey inalitenga mu 1939 ndipo Syria sinavomereze. PKK inali chida chokokera Ankara pa nkhani zimenezi. Mu 1998 Turkey itaunjika asilikali m'malire n'kuopseza nkhondo, Assad anamutulutsa Öcalan n'kusayina pangano la Adana mu Okutobala. Munthuyo anazungulira ku Russia, Italy ndi Greece, osapeza dziko lomufuna, mpaka kukathera ku Nairobi. Khasu lobwereka silichedwa kuthyoka, ndipo Akurdi a ku Iraq anali ataziona kale mu 1975, pamene mfumu ya Iran inagwirizana ndi Saddam Hussein ku Algiers n'kusiya padzuwa mtsogoleri wa Akurdiwo Mustafa Barzani, yemwe inkamuthandiza.

Chodabwitsa nchakuti boma la Turkey, lomwe limaopa kwambiri dziko la Akurdi, linadzakhala bwenzi lalikulu la malonda la Akurdi a kumpoto kwa Iraq. Banja la Barzani ndi PKK sagwirizana, ndipo mafuta a ku dera lawo amadutsa m'paipi yopita ku doko la Ceyhan ku Turkey. Ubwenziwo uli ndi malire ake: mu Seputembala 2017 anthu oposa 92 pa 100 aliwonse ovota atasankha kudziimira paokha, maboma a Turkey, Iran ndi Iraq anayankhula mawu amodzi okana, ndipo mwezi wotsatira Akurdi anataya mzinda wa Kirkuk.

M'zaka zoyamba za ulamuliro wa Erdoğan zinthu zinafewerako. Kanema wa boma wa Chikurdi anatsegulidwa mu 2009, ndipo pa Newroz ya 2013 kalata ya Öcalan yopempha kuti mfuti zikhale chete inawerengedwa pamaso pa chinamtindi cha anthu ku Diyarbakır. Mtenderewo unakhala zaka ziwiri zokha. Pa chisankho cha Juni 2015 chipani choimira Akurdi cha HDP, chotsogozedwa ndi Selahattin Demirtaş, chinapeza mavoti 13 pa 100 ndi mipando 80, zomwe zinalanda chipani cha Erdoğan mphamvu zolamulira chokha. Mu Julayi bomba linapha achinyamata oposa 30 ku Suruç, apolisi awiri anaphedwa ku Ceylanpınar, nkhondo n'kuyambiranso, ulendo uno m'kati mwa mizinda ya Cizre, Nusaybin ndi Sur. Demirtaş anamangidwa mu Novembala 2016.

Nkhondo yapachiweniweni ya ku Syria inasokoneza zinthu kwambiri. Gulu la Akurdi la YPG, lomwe limatsatira mfundo za Öcalan, linateteza mzinda wa Kobani kwa zigawenga za ISIS mu 2014, ndipo America inalitenga kukhala bwenzi lake pa nkhondoyo. Kwa Turkey izi zinali kupereka zida kwa mdani wake, kochitidwa ndi mnzake wa mu NATO, mgwirizano wa zankhondo wa mayiko a azungu womwe Turkey ilimonso. Inalowetsa asilikali ku Syria mu 2016, ku Afrin mu 2018, ndiponso mu Okutobala 2019 Donald Trump atachotsa asilikali ake m'malire. Nkhaniyi inafika mpaka kumpoto kwa Ulaya: Sweden inadikira mpaka Malichi 2024 kuti ilowe mu NATO, mwa zina chifukwa Ankara inkati dzikolo likusunga anthu a PKK.

Yemwe anatsegula khomo latsopano ndi munthu yemwe palibe ankamuyembekezera. Devlet Bahçeli, mtsogoleri wa chipani cha MHP, chokweza mtundu wa Aturuki komanso chogwirizana ndi Erdoğan, yemwe kale ankafuna kuti Öcalan anyongedwe, ananena pa 22 Okutobala 2024 kuti mkaidiyo abwere ku nyumba ya malamulo adzalengeze kutha kwa gulu lake. Mu Disembala boma la Syria la Bashar al-Assad, mwana wa Hafez, linagwa. Pa 27 Febuluwale 2025 Öcalan anapempha PKK kutula zida, pa 12 Meyi gululo linalengeza kuti ladzithetsa, ndipo pa 11 Julayi asilikali ake 30 anatentha mfuti zawo pakhomo la phanga kufupi ndi Sulaymaniyah ku Iraq. Aliyense amene waona maliro a nkhondoyi ayenera kukondwera nazo, ndipo ine ndikukondwera nazo ndi mtima wonse. Nkhawa yanga ndi yoti mu 1993 ndi mu 2013 mtendere unatsamira pa mawu a anthu ochepa, osati pa lamulo, ndipo ndale zitasintha unagwa. Ambiri ku Turkey akuti Erdoğan akufuna mavoti a aphungu a chipani cha Akurdi cha DEM, poti kuti aimenso pa chisankho cha mtsogoleri wa dziko akufunika aphungu 360 mwa 600 kuti aitanitse chisankho msanga kapena kupititsa kusintha kwa malamulo ku riferendamu.

Malamulo oyendetsera dziko omwe asilikali a Evren analemba mu 1982 akugwirabe ntchito. Gawo 66 limati aliyense amene ndi nzika ya dzikolo ndi Mturuki. Gawo 42 limaletsa kuphunzitsa ana m'sukulu chiyankhulo china chilichonse ngati chiyankhulo chawo chobadwa nacho. Komiti ya aphungu yomwe inakhazikitsidwa mu Ogasiti 2025 inayamba ntchito magawo awiriwa ali momwemo, mameya angapo osankhidwa ndi Akurdi atachotsedwa m'maudindo n'kuikapo anthu a boma, ndipo Demirtaş ali m'ndende ku Edirne ndi chilango cha zaka 42, ngakhale khothi la ufulu wa anthu la ku Ulaya linalamula mu 2018 ndi mu 2020 kuti atulutsidwe.