Panado amangoziziritsa thupi, sachiza malungo

"Anangotentha thupi, ndiye tinamupatsa panado." Mawu amenewa ndawamva mpaka ndatopa nawo. Ndinaphunzira udokotala zaka zisanu, n'kuwonjezera zina zinayi kuti ndikhale dokotala wa ana, koma chimene chimandilanda ana m'manja si matenda ovuta a m'mabuku aja. Ndi masiku awiri kapena atatu amene mwana amagonekedwa pamphasa kunyumba, akulu akudikira kuti aone mmene kuchere.

Panado amatsitsa kutentha basi. Tizilombo ta malungo timapitiriza kuswana m'magazi, mwana akuoneka ngati wapezako bwino.

Pali kamtsikana ka zaka zitatu kamene sindikaiwala. Kanayamba kutentha Lachiwiri. Lachitatu anakagulira panado kugolosale. Lachinayi usiku kanayamba kukomoka, manja ndi miyendo zikugwedezeka, agogo ake n'kulamula kuti izi si zachipatala, apite kwa asing'anga. Kumeneko anakatema mphini pachifuwa, n'kukathira mankhwala a zitsamba m'kamwa kali chikomokere, ena n'kulowera m'mapapo. Kanafika kwa ife Loweruka. Tinakabaya artesunate, mankhwala a malungo aakulu, tinakapatsa shuga kudzera m'mitsempha, kanatsitsimuka patapita masiku anayi. Koma sikanalankhulenso. Amayi ake anandifunsa kuti, "Adokotala, adzayambanso liti kundiitana?" Ndinangoyang'ana pansi.

Chimandiwawa n'chakuti zambiri za malungo okwera kumutu, ngati amene anagwira kamtsikana aka, dziko lapansi linaziphunzirira kuno kwathu. Njira yoyezera kukomoka kwa mwana, yotchedwa Blantyre Coma Score, anaikonza Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor ku Queen Elizabeth Central Hospital cha m'ma 1987. Timaona ngati maso akutsatira nkhope ya mayi, ngati mwana akulira, ndi mmene akuchitira tikamutsina. Mwana wabwinobwino amapeza 5. Akapeza 2 kapena kucheperapo, zinthu zavuta. Mu 2015 ofufuza a pachipatala chomwecho, pojambula m'kati mwa mutu ndi makina a MRI, anaonetsa kuti ana ambiri amene amamwalira amakhala kuti ubongo watupa mpaka kupanikiza mbali imene imayendetsa kupuma. Ndiye mundiuze, mphini ingaphwetse bwanji ubongo wotupa?

Mwana akatentha thupi, akayezedwe magazi tsiku lomwelo, ngakhale kwa alangizi a zaumoyo a m'mudzi. N'kabaya kamodzi pachala, zotsatira zimatuluka pasanathe theka la ola. Akapatsidwa LA, amalize masiku onse atatu, m'mawa ndi madzulo, ndipo musamugawire LA wotsala wa mkulu wake, chifukwa mlingo timauwerengera pa kulemera kwa mwanayo. Katemera wa malungo amene anayamba kuperekedwa kuno mu 2019 amathandiza, koma mwana wobayidwa katemerayo amathabe kudwala.

Akakomoka, akakana kuyamwa, akamasanza chilichonse, kapena zikhatho zikayera, musadikire kuti bambo abwere kuchokera kumunda kapena kuti kuche. Mugonekeni chammbali, musaike supuni m'kamwa, musam'mwetse kanthu, nyamukani.